Anagwira Dzanja la Apongozi

Nzeru za mwamuna amene ali m'chikondi muzizimvera ndi khutu limodzi, linalo muzisunga. Ndikunena izi chifukwa cha Percy Luhanga, mphunzitsi wa masamu ku Mzuzu, munthu wotha samu iliyonse pa bolodi koma wosawadziwa mayi ake omubereka.

Percy ndi Marjorie anadziwana ku Zomba. Chaka chija aphunzitsi ochokera kumpoto anauzidwa kuti amange katundu abwerere kwawo, nkhani imene anthu ankaikamba ndi maso okha, Percy anakwera basi ya ku Mzuzu mtima utatsala m'mbuyo. Marjorie sanapirire nthawi yaitali. Anapempha kuti amusamutsire ku kachipatala ka ana opuwala ndi poliyo mumzindawo, napeza kachipinda ka lendi ku Luwinga. Anayamba kuzolowera mvula yowaza tsiku lonse ndi kuyankha kuti "yewo" pa chilichonse.

Tsopano mwayi unali utamugwera. Anasankhidwa kupita ku yunivesite ku Halale, zaka zinayi, kukaphunzira ntchito imene anthu ankangoiphatikiza ndi mafizo. Iye ankakonda kufotokoza kuti yakeyo si yowongola mwendo chabe, koma yobwezera munthu ku moyo wake, kuti wofa ziwalo azidzidyetsa, azidziveka, agwirenso choko kapena singano. Sukulu ya zimenezi m'dziko muno munalibe, ndipo amene anamusankha anamuuza poyera kuti akadzabwerako ndiye adzaphunzitse ena. Pasipoti inatuluka atatopa ndi mafunso komanso kuonetsa khadi la chipani pakhomo lililonse. Chinatsala n'chimodzi chokha. Marjorie ankafuna kuti asananyamuke, a kwawo kwa Percy atumize thenga, munthu wokapereka mawu a ukwati, kwa amalume ake ku Zomba.

"Zaka zinayi si masewera, Percy," anamuuza tsiku lina akubisala mvula pakhonde la golosale. "Sindingakwere basi ndili chibwenzi chobisa. Ndikachoka chonchi ndidzapeza wina akuyanika matewera pakhomo panu."

"Amama ndi ovuta," Percy anayankha akukanda m'mutu. "Akangomva kuti ndiwe wa kumwera, komanso kuti ukupita kunja, nkhani ithera pomwepo. Koma ndaganiza nzeru."

Nzeru yake inali iyi. Bambo ake, a Zebedee Luhanga, mkulu wa mpingo wolemekezeka, anali atagwa ndi sitiroko miyezi ingapo m'mbuyomo. Dzanja lamanja linafa, pakamwa panapindika, ndipo chiwatulutsireni kuchipatala ankangokhala pampando kunyumba kwawo ku Chibavi.

"Ubwere ngati wachipatala," anatero Percy. "Za ife usatchule. Akaona ntchito yako akukonda, ndiye ine ndidzangoti amama, munthu uja ndi ameneyu."

"Koma amenewo ndi apongozi anga. Ndikawagwira bwanji?"

"Zakumudzi izo. Muno ndi m'tauni. Si iwe umanena kuti wodwala ndi wodwala?"

Ankanenadi choncho. Komanso atangomva za dzanja limene linali kuuma popanda woliyang'anira, mtima wake wa ntchito unayamba kumuyabwa. Anavomera.

* * *

Nyumba ya a Luhanga inali kutsidya kwa dambo, ndipo pokafika munthu ankadutsa pa kamlatho ka matabwa koterera. Marjorie anawapeza bambowo atawakhazika pafupi ndi zenera, atawafunditsa bulangete mpaka m'khosi. Akazi awo, a NyaMsowoya, ankawachitira chilichonse. Kuwasambitsa ndi iwo, kuwadyetsa ndi iwo, ngakhale kuwapukuta pakamwa. Ankawakonda amuna awo mayiwo, zimenezo musakayike.

Panalinso Eness, mwana wa mkulu wa mpingo mnzawo, mtsikana wa kwaya amene ankabwera kudzathandiza ntchito za pakhomo. Eness ankasesa, ankachapa, ankaphika tiyi. Koma akabweretsa tiyiyo ankagwadira kukhomo, n'kukankhira kapu pa kampando, n'kubwerera chafutambuyo maso ali pansi. Tsiku lina bambowo anatsetsereka pampando Eness ali pafupi. M'malo mowagwira, anathamangira panja akukuwa kuti anthu abwere. Marjorie anangoti m'mtima, koma mtsikana uyu ndi wamantha, kapena odwala amanyansidwa nawo.

Iye analibe mantha amenewo. Tsiku loyamba lomwelo anachotsa bulangete, n'kuwavula malaya kuti aone phewa. Anasisita mkono wonse, n'kutambasula zala chimodzichimodzi pamene bambowo ankabuula. Atamaliza anakhala patsogolo pawo n'kuwayang'ana m'maso.

"Bambo, dzanja ili mukufuna lidzachite chiyani?"

Chigwereni, palibe anali atawafunsapo funso lotere. Anthu ankangowafunsa ngati agona bwino. Milomo yawo inavutika kwa kanthawi, kenako panatuluka mawu amodzi.

"Mgonero."

A NyaMsowoya anamasulira akupukuta misozi. Kwa zaka zambiri a Luhanga ndiwo ankanyamula thireyi ya timakapu pa tsiku la Mgonero, kuyenda nayo mzere ndi mzere osatayapo dontho. Mgonero wina unali kubwera, chakufupi ndi nthawi imene Marjorie ankayenera kunyamuka.

"Ndiye tigwire ntchito," anatero Marjorie. "Koma ndikuuzeni zoona. Dzanja silidikira. Mukalisiya pang'ono limabwerera kumene lachokera. Musachite manyazi ndi munthu aliyense, bambo, dzanja lanu likhale patsogolo."

Anayamba kubwera m'mawa uliwonse asanapite kuntchito. Anawapangira kampira ka masokosi akale koti azifinya. Anakulunga mphira wa chubu cha njinga pa supuni kuti chigwiriro chikule. Kenako anafika pa mabatani, ndipo apa m'pamene anayambana ndi a NyaMsowoya. Ankawaveka malaya bambowo osamanga, iye n'kukhala pampando atakhalira manja ake enieni, kuopa kuti angamupereke n'kuthandiza. Bambowo ankalimbana ndi batani limodzi mpaka thukuta kamukamu, kuli kozizira kotero.

"Imwe adokotala, chisoni mulibe?" anafunsa a NyaMsowoya. "Munthu akuvutika chomene, inu mwangokhala phee!"

"Chisoni ndili nacho, mayi, n'chifukwa chake ndakhalira manjawa. Mukawamangira lero mudzawamangira mpaka kalekale."

Mayiwo sankatha kuonerera, ankatuluka akulira. Percy naye bambo ake sankamulola kulowa nthawi imeneyi, chifukwa sankafuna kuti mwana wawo awaone akugonja kwa batani. Choncho ntchito yonse inatsalira anthu awiri, nkhalamba ndi mtsikana. Tsiku limene batani loyamba linalowa, a Luhanga anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa, ndipo a NyaMsowoya anamupatsa Marjorie nthochi phava lonse.

Madzulo ake Percy anadzitama ngati tambala. "Waona? Ndinakuuza ine. Tidikireko pang'ono, kenako ndiwauza."

"Pang'ono pakopo pakutalika," Marjorie anayankha. "Uwauze msanga, ine mtima sukukhazikika."

* * *

Chimene chinaulula chinsinsi ndi kuzizira kwa Mzuzu. M'mawa wina kunacha ndi nkhungu yoti munthu osaona nyumba yoyandikana nayo. Marjorie anadzuka mochedwa, natola juzi imene inali pafupi, n'kuthamanga. Inali juzi yobiriwira imene Percy anamubwereka tsiku lina atanyowa ndi mvula, ndipo anaizolowera mpaka kuiwala kuti ili ndi mwini wake.

Anafika, napereka moni, nayamba ntchito. Tsiku limenelo ankayeserera thireyi. Anaika timakapu ta madzi m'mbale yaikulu, bambowo n'kumayesa kuinyamula ndi manja onse awiri. Marjorie anaimirira kumbuyo kwawo atawagwira chigongono. Eness analowa ndi tiyi, nagwada pamalo pake pa masiku onse. Koma lero sanabwerere msanga.

"Juzi yokongola chomene, adokotala," anatero ndi mawu ofewa ngati akuimba. "Munagula sitolo iti? Amama, tabwerani mudzaone maluko awa."

A NyaMsowoya analowa akupukuta manja. Anayang'ana juziyo, kenako anayandikira n'kutembenuza mkono wake. Pachigongono panali chigamba cha ulusi wosiyana pang'ono mtundu.

"Juzi iyi ndinaluka ndine," anatero pang'onopang'ono. "Chigamba ichi ndinasoka ndine, mwana wanga akupita ku Zomba. Yafika bwanji pathupi panu?"

Marjorie akanatha kunama, koma bodza linali litamutopetsa kale. Anasiya chigongono cha bambowo n'kugwada.

"Mayi, ine ndi Percy tinagwirizana zokwatirana. Timafuna tikuuzeni."

Mbale ija inapendekeka, madzi n'kutayikira pamiyendo ya a Luhanga. Palibe anawapukuta.

"Mwana wa yani iwe?" A NyaMsowoya ulemu wa udokotala anautaya pomwepo. "Unawavula malaya amuna anga, unawagwira pachifuwa, uku ukudziwa kuti ukufuna mwana wawo? Kwathu mkamwana sayang'ana apongozi ake aamuna kumaso. Akakumana nawo panjira amapatukira kutchire n'kugwada mpaka adutse. Iwe wawerenga nthiti zawo zonse! Yayi, yayi, zoterezi sindinazionepo. Vula juzi yangayo."

Marjorie anavula juziyo. Potuluka anadutsa Eness ali chigwadire pakhomo, maso ali pansi monga mwa masiku onse. Apo m'pamene zinamutsegukira m'mutu. Mtsikana uja sanali wamantha, ndipo odwala sankanyansidwa nawo. Nthawi yonseyi ankadzisunga. Ankakhala kale ngati mkamwana wa pakhomopo, kudikira tsiku lake, ndipo analola nkhalamba kugwa pansi kusiyana n'kuti aikhudze.

* * *

Percy anafika ku Luwinga ataweruka kusukulu, njinga ili matope okhaokha. Marjorie sanamulowetse m'nyumba. Anaima naye pakhomo, anthu a lendi anzake akusuzumira m'mazenera.

"Unkadziwa iwe," anatero Marjorie. "Mwambo wa kwanu unkaudziwa bwinobwino."

"Ndinkaganiza kuti za chipatala sizilowa m'mwambo."

"Unkaganiza! Ndinakufunsa ndi pakamwa panga pano, iwe n'kuti zakumudzi. Lero ndavulidwa juzi pamaso pa Eness ngati wakuba. Iwe unali kuti? Unali pa bolodi, ukuphunzitsa ana a eni kuganiza bwino."

"Marjorie, ndalakwa. Ndavomera."

"Kuvomera kwakoko kundithandiza chiyani? Unaopa kuwauza mayi ako mawu awiri okha, n'kunditumiza ine kuti ndikalowere pazenera."

Atamulola kuyankhula, Percy anafotokoza kuti nkhani sinafike poipitsitsa. Amama atumiza uthenga kwa a Fyson, ang'ono awo a bambo ake, amene amaweruza nkhani za pabanjapo. A Fyson ndi munthu womva zinthu, anagwirapo ntchito kumigodi, dziko analiona. Akubwera Loweruka, ndipo akuti Marjorie akapezekepo.

"Komanso adada amakukonda," Percy anawonjezera. "Chichokereni iwe sanadye kanthu. Akafunsidwa, adzakuikira kumbuyo."

Apa Marjorie mtima unatsikako. Pa anthu onse a pakhomo paja, amene ankamudalira ndi nkhalamba ija. Anali atalimbana limodzi ndi batani, atasekera limodzi, ndipo ankadziwa kuti bamboyo sangamutaye.

* * *

Loweruka Marjorie anavala diresi yake yaitali kwambiri, namanga chitenje pamwamba, n'kuvala duku. Anamukhazika pamphasa pafupi ndi khomo. A NyaMsowoya anakhala mbali ina, Eness kumbuyo kwawo ngati wodzathandiza za tiyi. Percy anakhala pa kampando, maso ali pa nsapato zake.

A Luhanga anatuluka kuchipinda okha, akukoka mwendo, atatsamira ndodo. Anavala malaya oyera omangidwa mpaka m'khosi, koma batani limodzi linalowa pa bowo losakhala lake, moti kolala inapendekeka. Marjorie ataona zimenezo anadziwa kuti amanga okha, chifukwa akazi awo sakanalakwitsa chotero. Chimwemwe chinamukwera mpaka anaiwala n'kuwayang'ana kumaso. A NyaMsowoya anatsokomola, iye n'kugwetsa maso msanga.

A Fyson anayamba ndi pemphero lalifupi, kenako analowa m'nkhani mosazungulira.

"Mwana uyu walakwa, koma wolakwa wamkulu ndi wathu yemweyu," anatero akuloza Percy ndi chibwano. "Mlendo sadziwa pamene pali dzenje, amamuuza ndi mwini mudzi. Tsono zimene zachitika m'mbuyomu zikhoza kutsukidwa. Percy apereka nkhuku yopepesera kwa adada ake ndi amama ake, ife titseka maso, thenga apita ku Zomba."

Marjorie anamva ngati amutula mtolo wa nkhuni. A NyaMsowoya anafuna kuyankhula, koma a Fyson anakweza dzanja.

"Sindinamalize, mlamu. Kutsuka n'kotheka kamodzi, chifukwa anachita ngati wosadziwa. Lero wadziwa. Kuyambira pano munthu mmodzi sangakhale zinthu ziwiri pakhomo pano. Akakhala mkamwana, akulu angawa sadzawakhudzanso, ngakhale kulowa m'chipinda chimene alimo. Akawakhudzanso kamodzi kokha, ndiye kuti wasankha udokotala. Tidzamulemekeza, tidzamuthokoza, koma thenga sadzapita."

"Bambo, ndiloleni," anatero Marjorie ali chogwada. "Ntchitoyi ndikhoza kuphunzitsa wina. Ine ndiziima panja, iye azichita. Kuphunzitsa anthu ndi kumene ndikupitira kusukuluko."

"Yewo, mawu abwino. Tsono wina wake ndani? Mlamu?"

"Ine kuonerera amuna anga akuvutika sindingathe," anayankha a NyaMsowoya. "Manja anga amathamanga okha."

"Percy?"

A Luhanga anagogoda ndodo pansi mwamphamvu, n'kupukusa mutu. Zinali zomveka.

"Nanga iwe Eness? Umakhala pano tsiku lililonse."

Eness anapotokola khosi mwamanyazi, akuseweretsa nsonga ya chitenje. "Ine yayi, adada. Ine kuwakhudza adada sindingayerekeze." Aliyense m'nyumbamo anamva chimene ankatanthauza, ndipo a NyaMsowoya anagwedeza mutu mokhutira.

"Basi," anatero a Fyson. "Thupi ndi la akulu angawa, mwana ndi wawo, khomo ndi lawo. Anene okha. Akulu, mtsikana uyu mukumufuna ngati ndani? Mkamwana kapena dokotala?"

Marjorie anali chiweramire, koma mtima unali m'malo. A Luhanga anakweza dzanja lamanja pang'onopang'ono mpaka pachifuwa. Analitambasula, zala zitatu n'kutseguka, ziwiri n'kukana. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Percy... ndi mwana," anayamba, mawu akutuluka movutikira. "Akazi... aliko ambiri." Anapuma, misozi ikutsika mbali imodzi ya nkhope. "Dzanja... ndi limodzi."

"Adada!" Percy anaimirira.

Nkhalambayo sinamuyang'ane mwana wake. Inatembenukira kwa Marjorie n'kumuyang'ana m'maso, monga mmene munthu sayang'anira mkamwana wake.

"Munati... osachita manyazi. Adokotala... Lolemba mubwere."

Abale, mawu amapweteka akachokera kwa mdani, koma awa anali ake omwe a Marjorie, atangobwezedwa kwa mwini wake. Ndiye anawaphunzitsa bambowa kuika dzanja patsogolo, ndipo anaphunzira bwino kuposa ana onse a kuchipatala kwake. Anafuna kukwiya nawo, mkwiyo osabwera. Anaombera m'manja mwaulemu, nadzuka, n'kutuluka mvula ikugwa osatsegula ambulera.

* * *

Lamulungu sanapite kutchalitchi. Anakhala m'kachipinda kake akuyang'ana sutikesi imene anali atayamba kale kulongedza. Analira, anapemphera, analiranso. Lolemba m'mawa anatenga chikwama chake cha ntchito, muli kampira ka masokosi kaja, n'kuyamba ulendo wa ku Chibavi asanadziwe bwinobwino chimene akachite.

Anamupeza Percy akudikira pa kamlatho ka matabwa, atatsamira njinga. Anali ndi malaya okha, akunjenjemera, maso ali psuu.

"Ndinadziwa kuti ubwera," anatero. "Bwerera, Marjorie. Ndakambirana ndi a Fyson. Akuti ukapanda kufika lero, iwo atenga kuti wasankha ukwati. Adada akwiya masiku ochepa, kenako aziziritsa mtima. Thenga anyamuka mwezi uno."

"Nanga dzanja?"

"Dzanja lafika pamene lafika. Akudya okha, akuvala okha. Sizokwanira?"

"Zala ziwiri sizinatseguke. Ndikawasiya pano, pofika Mgonero dzanja lonse lidzakhala litafumbatanso. Thireyi sadzainyamula."

"Anyamula ena! Mpingo uli ndi akulu ambiri." Percy anamugwira mkono. "Wakhala ukundilirira thenga, thenga. Lero ndakubweretsera, ukumukana chifukwa cha timakapu?"

"Si timakapu, Percy. Ndi chinthu chokhacho chimene bambo ako anapempha chigwereni. Ukundiuza kuti ndilowe m'banja mwanu podutsa pa dzanja lawo? Ndizidzagwada kutchire iwo akudutsa ndi mkono wopinimbira, tonse awiri tikudziwa kuti ndinausiya dala?"

"Iwowo anakuganizira? Anakugulitsa pamaso pa anthu!"

"Anandipweteka, inde. Usiku wonse ndimawatukwana mumtima. Koma ndi wodwala wanga." Anamuyang'ana m'maso. "Ndikupita kukaphunzira zaka zinayi kuti ndidzaime pamaso pa ana a anthu n'kumawauza kuti wodwala satayidwa. Ndidzawayang'ana bwanji?"

"Ndiye udzakwatiwe ndi ophunzira akowo."

Atangotero anadziluma mlomo, koma mawu anali atatuluka kale. Marjorie anachotsa mkono wake pang'onopang'ono.

"Ndimakukonda, Percy. Ndinasiya kwathu n'kubwera kudzazizidwa kuno chifukwa cha iwe. Ngati nawe umandikonda, ulimbane ndi a kwanu. Uwauze kuti mkazi wako ndi ine, kaya ndagwira dzanja kaya sindinagwire. Kamodzi kokha, yankhula wekha, usanditumenso ine."

"Sukuwadziwa anthu a kwathu. Ukalowa pakhomo paja, palibe chimene ndingachite."

"Palibe, kapena ukuopa?"

Marjorie anadikira, nadikirabe, madzi a m'dambo akudutsa pansi pa matabwa. Kenako anamulambalala n'kuwoloka.

Chitseko anatsegula ndi Eness, nkhope ili ngwee ngati wadzoza mafuta a Khirisimasi.

"Amama!" anaitana mokweza kuti ndi oyandikana nawo omwe amve. "Adokotala afika!"

A NyaMsowoya anatuluka kukhitchini n'kumulandira ndi manja awiri, ulemu wonse utabwerera. "Yewo chomene, adokotala. Lowani, akukudikirani." Kenako anatenga kanthu pa mpando n'kumupatsa Eness. "Mwana wanga watuluka wopanda chofunda. Thamanga ukamupatse, angadwale."

Inali juzi yobiriwira ija, yochapidwa bwino, yopindidwa mwaluso.

Marjorie analowa m'chipinda chochezera. A Luhanga anali pampando wawo pafupi ndi zenera, malaya ali osamanga, maso ali pansi. Lero ndiwo ankalephera kumuyang'ana. Marjorie anasamba m'manja m'beseni, napukuta, n'kugwira dzanja lija. Linali lozizira. Anatambasula zala chimodzichimodzi mpaka ziwiri zokana zija.

Pazenerapo kamlatho kankaoneka bwinobwino. Percy anali akadali pomwepo. Eness anafika, napinda maondo mwaulemu, n'kutambasula juzi ija ndi manja awiri. Percy anayang'ana kunyumbako kanthawi, kenako anayang'ana juziyo. Anailandira n'kuivala.

"Adokotala..." a Luhanga ananong'ona. "Pepani."

"Batani loyamba, bambo," anatero Marjorie. "Yambirani pansi."

Anakokera mpando patsogolo pawo n'kukhalira manja ake monga mwa masiku onse. Koma lero sikunali kuopa kuti angathandize. Sankafuna kuti nkhalambayo ione mmene ankanjenjemerera.